Madzi ndi Phulusa: Mbiri ya Galimoto Yoyendera Madzi ndi Mafuta Olowa M'malo mwa Petulo

Nthawi iliyonse mafuta a galimoto akasowa, kapena mtengo wake ukakwera mpaka anthu n'kuyamba kugona pamizere ya kumalo omwetsera mafuta, nkhani ina yakale imadzuka. Imati kudziko lina kunali munthu wanzeru amene anapanga galimoto yoyendera madzi okhaokha, koma eni makampani a mafuta anamutseka pakamwa, mwinanso anamupha kumene. Nkhaniyi imamveka ku Lilongwe ndi ku Chipata, ku Tete ndi ku Harare, ndipo masiku ano imayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook pamodzi ndi kanema wa bambo wina akuthira madzi m'thanki. Ambiri amene amaitumiza kwa anzawo amayesa kuti ndi ya dzulodzuloli. Chikhalirecho yatha zaka zoposa 100 ikuzungulira dziko lapansi, ikusintha mayina a anthu ndi malo, koma thunthu lake lili lomwelo.

Pambali pa nkhani imeneyi pamayenda mbiri ina imene sikambidwa kawirikawiri, ya mafuta enieni amene analowapo m'malo mwa petulo pamene mayiko anapanikizika. M'mbiri yachiwiriyi mayiko a kumwera kwa Africa ali ndi gawo lalikulu ndithu. Nkhani ziwirizi zimasiyana pa funso limodzi: kodi mphamvu yoyendetsa galimotoyo yachokera kuti, nanga walipira ndani? Mafuta onse amene anagwiradi ntchito ali ndi yankho lomveka pa funsoli. Galimoto yoyendera madzi yakhala ikulizemba kuyambira pachiyambi.

Moto umene unabala madzi

Wolankhula Chichewa amamva moto kumapeto kwa mawu akuti galimoto, ndipo khutu lake silimunamiza. Injini ya petulo kapena ya dizilo ndi ng'anjo yaing'ono. Mkati mwake mafuta amasakanikirana ndi mpweya n'kuyaka mwadzidzidzi, ndipo kuphulikako n'kumene kumakankha zitsulo zozunguza mawilo. Choncho chilichonse cholowa m'thanki chiyenera kukhala chinthu chimene chikanathabe kupsa.

Mu 1766 Mngelezi wina, Henry Cavendish, anafotokoza za mpweya wopepuka kwambiri umene unkatuluka akaponya zitsulo mu asidi. Mpweyawo unkayaka msanga. Patapita zaka, anaona kuti ukapsera m'chiwiya chagalasi unkasiya timadontho ngati mame, ndipo timadonthoto tinali madzi enieni. Antoine Lavoisier wa ku France ndi anzake anaupatsa mpweyawo dzina lochokera ku Chigiriki, limene lero tikalilemba m'Chichewa ndi haidrojeni. Tanthauzo la dzinali ndi "wobala madzi". Dzina lokhalo lanena kale nkhani yonse: haidrojeni akapsa, ndiko kuti akaphatikana ndi okosijeni wa mumpweya, amatulutsa kutentha, ndipo chotsalacho ndi madzi. Nkhuni zikapsa zimasiya phulusa, haidrojeni akapsa amasiya madzi. Wofuna kuyendetsa galimoto ndi madzi ali ngati mayi amene wasonkhanitsa phulusa la dzulo pamafuwa n'kumayembekeza kuti mphika uwira.

N'zoona kuti madzi amatheka kuwang'amba kuti haidrojeni abwerere. William Nicholson ndi Anthony Carlisle anachita zimenezi ku London mu 1800, pogwiritsa ntchito batire imene Alessandro Volta anali atangotulukira kumene. Analowetsa mawaya awiri m'madzi, ndipo pawaya wina panayamba kutuluka thovu la haidrojeni, pa winayo la okosijeni. Koma kung'ambako kuli ndi mtengo wake. Mphamvu imene haidrojeni anatulutsa pa tsiku limene anapsa n'kusanduka madzi iyenera kubwezedwa yonse asanamasuke, ndipo ina imatayika panjira. Kilogalamu imodzi ya haidrojeni imachokera m'malita 9 a madzi. Makina abwino a masiku ano amadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 50 mpaka 55 kuti aitulutse, mayunitsi omwewa amene anthu amagula ku ESCOM kapena ku ZESCO. Kilogalamuyo ikapsa imabweza mphamvu yosafika mayunitsi 40. Injini imene ingang'ambe madzi ndi magetsi ake omwe, n'kuwotcha haidrojeniyo kuti ipeze magetsi ong'ambira madzi ena, ili ngati munthu wokongola ndalama kwa wakatapila kuti abweze ngongole kwa wakatapila yemweyo. Kuzungulira kulikonse kumamusiya wosauka kuposa kale.

Oyambirira ankadziwa bwino zimenezi. François Isaac de Rivaz wa ku Switzerland anapanga mu 1807 injini yoyendera haidrojeni, imodzi mwa injini zoyamba zowotchera mafuta mkati, koma haidrojeniyo ankamukonzera padera n'kumusunga m'thumba lake. Jules Verne, m'buku lake la nthano la L'Île mystérieuse la mu 1875, anaika m'kamwa mwa injiniya wina ganizo lakuti malasha akadzatha anthu adzatenga nkhuni zawo m'madzi. Komatu injiniyayo anatchula poyera kuti madziwo adzang'ambidwa ndi magetsi. Obwera pambuyo anasunga lonjezo la madzi, n'kuiwala za magetsiwo.

Amalonda a chozizwitsa

Mu April 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati ndipo mtengo wa petulo ukukwera ku America, nkhalamba ina dzina lake Louis Enricht inaitana atolankhani ku Farmingdale, m'chigawo cha New York. Inawaonetsa thanki ya galimoto yooneka yopanda kanthu, inathiramo madzi, kenako timadzi tobiriwira ta m'kabotolo, ndipo injini inalira. Enricht anati mafuta akewo adzagulidwa pa senti imodzi galoni. Ngakhale Henry Ford anachita naye chidwi, ndipo anthu a ndalama anayamba kumulondola. Chinsinsi cha timadzi tobiriwirato sanachipereke kwa aliyense. Patapita zaka zochepa anatsekeredwa m'ndende ya Sing Sing chifukwa chodyera munthu ndalama pa lonjezo lina la mtundu womwewo.

Njira imene Enricht anatsegula yatsatidwa ndi ambiri. Mu 1935, ku Dallas, Charles Garrett analandira chiphaso cha boma cha umwini wa luso pa kabureta imene ankati imang'amba madzi galimoto ikuyenda, ndipo nyuzipepala ya mumzindawo inalemba kuti galimoto yake inayenda kwa mphindi zingapo. Nkhani inathera pomwepo. Guido Franch wa ku Illinois anatha zaka zambiri akugulitsa masheya a ufa wobiriwira wosandutsa madzi kukhala petulo. Ufawo anautcha Mota, limene ndi liwu lachingelezi lakuti atom lowerengedwa chambuyo. Khoti linamupeza ndi mlandu wachinyengo mu 1979.

Wotchuka kuposa onse ndi Stanley Meyer wa ku Grove City, ku Ohio, ndipo makanema ambiri amene amazungulira pa mafoni ndi ake. Dzina lake linakula m'zaka zotsatira vuto la mafuta la mu 1973, pamene mayiko a Aluya analeka kugulitsa mafuta kwa mayiko ena ndipo mtengo wa mgolo umodzi unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12 m'miyezi yowerengeka. Meyer ankaonetsa kagalimoto koyenda pamchenga, n'kumanena kuti kangathe kuchoka ku Los Angeles kukafika ku New York ndi malita 83 okha a madzi. Mu 1996 anthu awiri amene anaikamo ndalama zawo anamusumira. Galimotoyo inayenera kuyesedwa ndi Pulofesa Michael Laughton wa ku London, koma tsiku litafika Meyer anapeza chifukwa chozembera. Akatswiri atatu amene anaunika chipangizo chake anauza khoti kuti chinkangong'amba madzi ndi magetsi monga momwe anthu akhala akuchitira kuyambira 1800. Khoti linagamula kuti anachita chinyengo chachikulu ndipo linamulamula kubweza madola 25,000.

Pa 20 March 1998 Meyer anadwala mwadzidzidzi ali m'nyumba yodyera ku Grove City, ndipo anamwalira. M'bale wake amene anali naye ananena kuti malemuyo anadandaula kuti amuthirira poizoni. Apolisi anafufuza, ndipo dokotala wa boma woona za imfa m'chigawo cha Franklin anapeza kuti mtsempha wa magazi unaphulika mu ubongo. Komabe mawu a poizoni aja ndi amene anafalikira, ndipo anapatsa nkhaniyi chimene inkasowa: munthu wofera choonadi.

Mndandandawu ukupitirira. Daniel Dingel wa ku Philippines, amene ankanena za galimoto yake ya madzi kuyambira 1969, anapezeka wolakwa mu 2008, ali ndi zaka 82, pa mlandu wodyera ndalama kampani ya ku Taiwan ya Formosa Plastics. M'chaka chomwecho, chimene mtengo wa mgolo wa mafuta unapyola madola 140, kampani ya ku Japan ya Genepax inaonetsa galimoto yake ya madzi pamaso pa atolankhani, ndipo chaka chotsatira inatseka. Mu 2012 Agha Waqar Ahmad wa ku Pakistan anayamikiridwa ndi nduna za boma pa wailesi yakanema, pamene asayansi monga Pervez Hoodbhoy ankachenjeza kuti zimene ankanenazo sizingatheke.

Chigawo chino nachonso chili ndi nkhani ya mtundu womwewu, ngakhale kuti m'malo mwa madzi munali mwala. Mu 2007, mafuta atasowa kotheratu ku Zimbabwe, mayi wina wa mizimu, Rotina Mavhunga, ananena kuti dizilo woyengeka kale akutuluka m'thanthwe la pamapiri a Maningwa, pafupi ndi Chinhoyi. Nduna za boma zinapita kukaona, zinavula nsapato n'kuwomba m'manja, ndipo mayiyo analandira ndalama ndi mphatso zina. Pambuyo pake zinadziwika kuti dizilo uja ankachokera m'thanki yobisika, kudzera m'paipi. Mu 2010 khoti linamutumiza kundende. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Sikuti chionetsero chilichonse chimafuna paipi yobisika. Amene anagwirapo ntchito m'migodi yakale amakumbukira nyale ya kabaidi: madzi amadontha pa timiyala totuwa, mpweya woyaka n'kutuluka. Woonerera akhoza kulumbira kuti nyaleyo ikuyaka ndi madzi, pamene mphamvu ili m'timiyalato, timene tinapangidwa m'ng'anjo yodya magetsi ambiri, ndipo tikatha nyale imazima. Pali zitsulo ndi mankhwala ena amene amachita chimodzimodzi, n'kutulutsa haidrojeni akakhudzana ndi madzi. Galimoto ikhoza kuyenda motero kwa kanthawi, koma mafuta ake ndi chitsulocho. Timabotolo tamawaya timene ena amagulitsa kwa oyendetsa minibasi, ati tochepetsa kumwa mafuta, timatenga magetsi ake ku injini, ndipo injiniyo imamwa petulo kuti iwapange.

Chifukwa chake nkhaniyi siifa

Amene amakhulupirira nkhaniyi si opusa. Kukayikira makampani a mafuta kuli ndi maziko. Kuyambira 1923 makampani anathira mtovu m'petulo, ngakhale kuti kuopsa kwa mtovu pa thupi la munthu kunkadziwika kale, ndipo mayiko a kumwera kwa Sahara anasiya petulo wotere kumayambiriro kwa 2006. Mu 1978 lipoti la Bingham ku Britain linaonetsa kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zinathandiza kuti mafuta azifikabe ku Rhodesia pa nthawi imene dziko lapansi linaletsa malonda amenewo. Munthu amene anaona zoterezi sangavutike kukhulupirira kuti makampani omwewo akhoza kubisa luso lowaopseza.

Koma pali zinthu ziwiri zimene nkhani ya chiwembu imalephera kufotokoza. Choyamba, zojambula za Garrett ndi za Meyer sizinabisidwe. Chiphaso cha umwini wa luso chimaperekedwa pokhapokha mwiniwake atalemba poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo ziphaso za anthu awiriwa zinatha mphamvu kalekale, moti aliyense akhoza kuziwerenga pa intaneti n'kupanga chipangizocho osalipira kanthu. Chachiwiri, pakhala maboma amene anasowa mafuta mpaka kufika poti afe kapena apulumuke, okhala ndi mainjiniya aluso ndi ndalama, amene kampani iliyonse ya mafuta sikanatha kuwaopseza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene maboma amenewa anachita atapanikizika ndi umboni wamphamvu kuposa chigamulo cha khoti lililonse.

Amene anasowadi mafuta

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, petulo wa anthu wamba anasowa pafupifupi ku Ulaya konse. Anthu anatembenukira ku nkhuni. Kumbuyo kwa galimoto ankamangirira ng'anjo yachitsulo yooneka ngati mgolo, mmene zidutswa za mitengo kapena makala zinkanyeka ndi mpweya wochepa n'kutulutsa utsi woyaka umene unkalowa mu injini. Mtundu wotchuka wa ng'anjozi unali wa Georges Imbert. Ku Sweden kokha magalimoto oposa 70,000 ankayenda motere. Ankachedwa kulira m'mawa, ankafooka pamtunda, ndipo utsiwo, umene uli ndi poizoni wosanunkha, unapha ndi kudwalitsa madalaivala ambiri. Nkhondo itatha anthu anazigwetsa pansi ng'anjozo mosangalala.

Germany inalibe zitsime za mafuta zokwanira, koma inali ndi malasha. Mu 1925 Franz Fischer ndi Hans Tropsch anatulukira ku Mülheim njira yosandutsa malasha kukhala mafuta amadzi, ndipo njirayi, pamodzi ndi ina ya Friedrich Bergius, inamwetsa ndege ndi akasinja a Hitler. South Africa inatola luso la Fischer ndi Tropsch. Kampani ya Sasol inakhazikitsidwa mu 1950 ndipo inayamba kutulutsa mafuta ku Sasolburg mu 1955. Mayiko atayamba kumana mafuta boma la tsankho, makamaka Iran itasintha ulamuliro mu 1979, mafakitale awiri akuluakulu ku Secunda anayamba ntchito mu 1980 ndi mu 1982. Asilikali a ANC ankadziwa kufunika kwake, n'chifukwa chake anaphulitsa matanki a ku Sasolburg mu June 1980.

Chochititsa chidwi n'chakuti m'njira ya Sasol madzi amalowamodi. Malasha amawotchedwa pamodzi ndi nthunzi, ndipo gawo la haidrojeni wa m'mafuta otulukawo limachokera m'nthunziyo. Koma ngongole yong'ambira madzi imalipidwa ndi malasha, ndipo imalipidwa mokwera mtengo: Secunda ili m'gulu la malo amene amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kwambiri padziko lonse. Kuyambira 2004 Sasol imalandiranso gasi wa ku Pande ndi Temane ku Mozambique, kudzera m'paipi ya makilomita 865.

Zambia inakumana ndi vuto lake Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia mu November 1965. Mafuta a dzikolo ankadutsa ku Rhodesia, ndipo njirayo inatsekeka. Petulo anayamba kugawidwa mwa muyezo. Ndege za ku Britain, Canada ndi America zinanyamula migolo ya mafuta, ndipo malole anayamba kuyenda pamsewu wafumbi wochokera ku Dar es Salaam, umene madalaivala anautcha Hell Run chifukwa cha ngozi zake. Yankho lokhalitsa linali paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968. Boma la Kenneth Kaunda likanakhala ndi njira yothira madzi a mu Kafue m'matanki a malole a kumigodi, silikanakumba ngalande yaitali chotero.

Nzimbe za ku Triangle ndi ku Dwangwa

Ganizo lotenga mafuta m'munda ndi lakale ngati injini yomwe. Pa chionetsero cha ku Paris mu 1900, injini ya mtundu wa Rudolf Diesel inayendetsedwa ndi mafuta a mtedza, umene ena amati nsawa. Zomera zimasunga mphamvu ya dzuwa, motero funso lakuti mphamvu yachokera kuti lili ndi yankho. Dziko limene linaika mtima wonse pa njirayi ndi Brazil. Mu November 1975 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Proálcool yotcheza ethanol kuchokera ku nzimbe, ndipo mu 1979 Fiat 147 inakhala galimoto yoyamba yopangidwa mochuluka yoyendera ethanol yekha. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980, magalimoto atsopano ambiri ku Brazil anali otere. Kenako mtengo wa petulo unatsika, wa shuga unakwera, eni mafakitale anakonda shuga, ndipo mu 1989 ethanol anasowa m'mapampu. Anthu anataya chikhulupiriro mpaka mu 2003, pamene kunabwera magalimoto otha kumwa petulo, ethanol, kapena zosakaniza.

Ethanol ndi kachasu woyengedwa mpaka madzi kutheramo. Amapangidwa kuchokera ku molasi, madzi akuda okhuthala otsala popanga shuga, amene amawiritsidwa ndi yisiti n'kutchezedwa. Ku Zimbabwe fakitale ya ku Triangle, imene inakonzedwa pa nthawi ya zilango za malonda, inayamba ntchito mu 1980, yotha kutulutsa malita 40 miliyoni pachaka. Malawi inatsatira mu 1982 ndi fakitale ya ETHCO ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Nthawi yake inali yoyenera. Mafuta a dzikolo ankadzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inali ikudula njanji zonse ziwiri, moti katundu anayamba kuzungulira njira zazitali ndi zodula. Lita iliyonse yotchezedwa ku Dwangwa inali lita imene sinafunike ndalama zakunja kapena kudutsa pakati pa mfuti. Mu 2004 fakitale yachiwiri, ya PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa, ikugwiritsa ntchito molasi wa ku Nchalo. Kwa zaka zoposa 40 petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol, kawirikawiri pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100 alionse, ndipo ndi mayiko ochepa mu Africa amene asunga mwambowu nthawi yaitali chotere.

Walira mvula walira matope. Lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo. Kuchuluka kwake kumadalira molasi, molasi amadalira nyengo yodula nzimbe, ndipo nzimbe zimamwa madzi ambiri othirira. Chilala cha mu 1992 chinapha nzimbe za kuchigwa cha kumwera kwa Zimbabwe, ndipo kusakaniza ethanol kunaima kwa zaka zambiri. Kutabwera fakitale yatsopano ya Green Fuel ku Chisumbanje, ndi lamulo la mu 2013 lokakamiza kusakaniza, kunabukanso mikangano ya malo pakati pa kampaniyo ndi alimi a m'deralo. Madandaulo a minda yolandidwa chifukwa cha nzimbe amvekanso ku Dwangwa. Ndipo ethanol sanaletse mizere ya mafuta ya mu 2011 ndi 2012 ku Malawi, chifukwa gawo lalikulu la zolowa m'thanki, kuphatikizapo dizilo yense, limagulidwabe kunja ndi madola.

Chomera china chinabwera ndi malonjezo ofanana ndi a amalonda a chozizwitsa aja. Pakati pa zaka za m'ma 2000, alimi a ku Mozambique, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analimbikitsidwa kubzala msatsimanga, umene mabuku amautcha jatropha, pouzidwa kuti umabereka mafuta a dizilo ngakhale panthaka yoguga, wopanda feteleza kapena mvula yokwanira. Mtengowo umapiriradi panthaka yotere, koma subereka njere zokwanira. Kuti ubereke umafuna dothi labwino ndi madzi, malo omwewo a chimanga. Makampani ambiri anagwa, monga Sun Biofuels imene inali ndi minda ku Mozambique ndi ku Tanzania ndipo inalephera mu 2011. Alimi ambiri anatsala ndi mitengo ya njere zapoizoni zimene mbuzi sizidya ndipo wogula kunalibe.

Madzi akamagwa

Galimoto ya haidrojeni ilipo lero. Toyota Mirai inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2014, ndipo kumbuyo kwake kumangodontha madzi. Madziwo ndi phulusa lija la Cavendish, lotuluka ulendo utatha. Haidrojeni wothira m'thanki amapangidwa kwina, ndipo wochuluka padziko lapansi amachokerabe ku gasi ndi malasha. Namibia ikukonza zopanga haidrojeni pafupi ndi Lüderitz pong'amba madzi a m'nyanja yamchere, ndipo amene adzalipire ngongole yong'ambira ndi dzuwa ndi mphepo za m'chipululu.

Pali njira imodzi yokha imene madzi amayendetseradi galimoto m'chigawo chino, ndipo ndi yodziwika kwa aliyense. Dzuwa limakweza madzi kumwamba, mvula imawagwetsera pamapiri, ndipo potsika amazunguza makina a ku Kariba, Kafue Gorge, Cahora Bassa, Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Galimoto kapena njinga yamoto ya batire imene yatchajidwa ku Lusaka, ku Blantyre kapena ku Songo ikuyendera mphamvu ya madzi a mu Zambezi, mu Kafue kapena mu Shire. Apa madzi sakupsa. Akupereka mphamvu ya kugwa kwawo, ndipo akafika pansi sangaperekenso mpaka dzuwa liwakwezenso.

Nayonso njirayi ili ndi olipira ake. Damu la Kariba, lomalizidwa mu 1959, linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa cha makolo awo. Magetsi ambiri a ku Cahora Bassa amapita ku South Africa, akudutsa pamwamba pa midzi imene ikuunikirabe koloboyi. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, ndipo Malawi inataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi a Kariba mpaka mabanja ambiri ku Zambia ankakhala maola oposa 20 patsiku opanda magetsi. Dziko limene likufuna kuchoka pa petulo kupita ku batire liyenera kuyamba layankha za mvula, za mawaya, ndi za amene adzasamutsidwe.

Wotulukira wina adzabweranso, chifukwa mafuta adzasowanso. Adzakhala ndi kanema, chinsinsi chimene sangaulule chifukwa cha adani, ndi pempho la ndalama zomalizitsira ntchito. Kuyesa zonena zake n'kosavuta, ndipo makaniko aliyense wa ku Kanengo kapena ku Kamwala akhoza kuchita. Thanki ichotsedwe ndi kutsukidwa ndi anthu ena osati mwini galimotoyo. Batire ipimidwe ulendo usanayambe ndiponso ukatha. Madzi atungidwe pampopi wa anthu onse, ndipo dalaivala wachilendo ayendetse galimotoyo kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Chipata n'kubwerera, mwiniwake atakhala pansi pamtengo. Kuyambira kwa Enricht mu 1916 kufikira lero, palibe galimoto yoyendera madzi imene inapyolapo mayeso otere, ndipo Meyer, tsiku lake litakwana, sanalole n'komwe kuti galimoto yake iyesedwe.